Galu wanga wafooka nditamusambitsa dibi

Funso: Adokotala, dzulo ndinasambitsa galu wanga ndi dibi wa ng'ombe kuti nkhupakupa ndi utitiri zife. Lero akuchucha dovu, akuyenda dzandidzandi ndipo sakudya. Nditani?
Wowerenga wa ku Mchinji

Yankho: Pepani, galu wanuyo mankhwala amuchulukira m'thupi. Dibi wambiri wa ng'ombe amakhala ndi amitraz, amene amalowa kudzera pakhungu komanso galu akamadzinyambita. Akachuluka, mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo thupi limazizira. Ana agalu ndiwo amavulala msanga.

Valani magolovesi, mumusambitse ndi sopo wotsukira mbale ndi madzi ofunda pang'ono, kenako mumupukute n'kumufunditsa. Chonde musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere kuti asanze. Galu wofooka angatsamwe.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe, botolo la dibiyo lili m'manja, chifukwa alipo mankhwala ochepetsa mphamvu ya amitraz. Akayamba kunjenjemera, kukomoka kapena kubanika, musachedwe ngakhale pang'ono.

Ulendo wina gulani mankhwala olembedwa kuti ndi a agalu, muyezo wake ugwirizane ndi kulemera kwa galuyo. Okhala ndi permethrin asakhudze mphaka, amamupha.