KABAŴI WA M'MATANTHWE: MBALAME YOFUNIKA KUITETEZA

Alimi ambiri amapha mbalame iliyonse yokhala ndi zikhadabo poiganizira kuti ndiyo ikutha anapiye. Koma kabaŵi wa m'matanthwe, amene akatswiri amamutcha Falco peregrinus, amasaka mbalame zouluka m'mwamba, ndipo sagwira nkhuku kaŵirikaŵiri.

Maonekedwe ake

Msana wake ndi wotuŵa moderapo, pamimba ndi poyera pokhala ndi mizere yakuda yopingasa. Pansi pa diso lililonse pali mzere wakuda wonga ndevu. Miyendo ndi yachikasu. Wamkazi ndiye wamkulu kuposa wamwamuna.

Kasakidwe kake

Kabaŵiyu amakwera m'mwamba kwambiri, napinda mapiko, n'kutsika pa liŵiro loposa makilomita 300 pa ola. Palibe cholengedwa china chofika pa liŵiro limeneli. Chakudya chake ndi njiŵa, nkhunda ndi mbalame zing'onozing'ono, kuphatikizapo zodya mapira ndi mpunga m'minda. Oŵeta nkhunda angataye imodzi mwa apo ndi apo, koma kuzitsekera m'khola mbalameyi ikaoneka n'kokwanira.

Kumene amakhala

Amakonda mapiri a matanthwe ndi zigwembe za mitsinje, monga phiri la Mulanje ku Malaŵi ndi chigwembe cha Batoka pa mtsinje wa Zambezi, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe. Samanga chisa: amaikira mazira aŵiri mpaka anayi pa kashelefu ka thanthwe, nawafungatira kwa mwezi umodzi. Ena amakhala kuno chaka chonse, pamene ena amabwera m'dzinja kuchokera kumpoto kwenikweni kwa Ulaya ndi Asia.

Ngozi ya mankhwala

Mdani wamkulu wa kabaŵiyu wakhala mankhwala ophera tizilombo. DDT amaunjikana m'thupi mwake kudzera m'mbalame zimene wadya, ndipo zikamba za mazira zimapyapyala mpaka kusweka pofungatira. Dziko la America litaletsa DDT pa ulimi mu 1972, mbalamezi zinayambanso kuchuluka, ndipo mu 1999 zinachotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zinali pafupi kutha. Pangano la ku Stockholm la 2001 limalola DDT polimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda, monga udzudzu, osati pa mbewu.

Malangizo kwa alimi

1. Asathire poizoni m'nyambo pofuna kupha mbalame.
2. Agwiritse ntchito mankhwala ovomerezeka okha, pa mlingo umene mlangizi wanena.
3. Anapiye aleredwe m'chikwatu kapena m'khola lofolera.
4. Ana aletsedwe kutola mazira m'matanthwe.