Asilikali a m'thupi amene amayang'ana mafuta

Omvera athu a m'midzi ya Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, ambiri a inu munamvapo za CD4 kuchipatala. Awa ndi gulu limodzi la asilikali a m'thupi otchedwa maselo a T, amene kachirombo ka HIV kamawononga. Dzina la T likuchokera ku thymus, kachiwalo kokhala kuseri kwa fupa la pachifuwa komwe asilikaliwa amakhwimira. M'phunziro la lero tiona mmene ena mwa asilikaliwa amazindikirira mafuta, a tizirombo ndiponso a thupi lathu lomwe. Nkhaniyi ikukhudza chifuwa chachikulu, khate ndi ziwengo.

Kodi msilikaliyu amamdziwa bwanji mdani?

Selo ya T siona kachirombo ndi maso. Imachita ngati wa pachipata cha Mandimba kapena Chiponde, amene amati onetsani chiphaso. Maselo a m'thupi amadula tizidutswa ta zimene zili m'kati mwawo n'kutiika panja, pa timbale totchedwa MHC. Msilikali akamadutsa amakhudza kachidutswako. Kakakhala kachilendo, nkhondo imayamba. Zimenezi zinayamba kumveka bwino mu 1974 kudzera mu ntchito ya Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankaganiza kuti zoonetsedwazo ndi tizidutswa ta mapuloteni basi.

Koma pali timbale tina. Timatchedwa CD1, ndipo mwa munthu tilipo mitundu 5: CD1a, CD1b, CD1c, CD1d ndi CD1e. Mu 1994 gulu la Michael Brenner ku Boston linaonetsa kuti CD1b imanyamula mafuta ochokera pa chikopa cha tizirombo ta mtundu wa TB, ndipo maselo a T amawazindikira. Chimodzi mwa zimene zinachedwetsa kudziwika kwa nkhaniyi n'chakuti kafukufuku wambiri amachitikira pa mbewa zoweta, ndipo mbewazo zili ndi CD1d yokha. Mbira, zomwe ena mumaweta kukhitchini, zili ndi mitundu yambiri ngati ife, n'chifukwa chake zimathandiza pa kafukufuku wa TB.

Kuti timvetse, tiganize za msodzi wa ku Amaramba amene waika nsomba m'dengu, mchira pansi, mutu kunja. Wogula sakhudza mchira, amaona mutu n'kudziwa kuti uyu ndi mlamba. Mafuta ambiri nawonso ali ndi mchira wautali wodana ndi madzi, ndi mutu wogwirizana ndi madzi. CD1 ili ndi mphako yomwe imameza mchirawo, mutu n'kutsala panja kuti selo ya T iukhudze.

TB ndi khate: tizirombo tovala phula

Kachirombo ka TB, komwe Robert Koch anatulukira mu 1882, kali ndi chikopa chokhuthala cha mafuta olimba ngati phula la njuchi. Chikopachi chimakateteza, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwala salowerera msanga. Kachiromboka kamakulanso pang'onopang'ono, ndipo tina timabisala ngati tagona. Ndiye chifukwa chake mankhwala a TB amamwedwa miyezi 6 ngakhale chifuwa chitaleka pa mwezi wachiwiri. Wosiyira panjira amasiya tizirombo tolimba kwambiri tili moyo, ndipo tikadzuka tikhoza kusamvanso mankhwala oyamba aja. Ngati mwayamba mankhwala mbali ino ya malire ndipo mukupita kukakhala mbali inayo, tengani khadi lanu ndi kalata ya kuchipatala kuti musadumphitse ngakhale sabata imodzi.

Kachirombo ka khate ndi m'bale wake wa ka TB, ndipo kavala chikopa chofananacho. Mu 1995 gulu la Robert Modlin ku Los Angeles linapeza maselo a T ochokera kwa odwala khate amene amazindikira mafuta a kachiromboka kudzera pa CD1. Pambuyo pake anaonanso kuti pa zigamba za odwala amene thupi lawo likulimbana bwino, omwe amakhala ndi zigamba zochepa, maselo onyamula CD1 ndi ambiri. Kwa amene khate lafalikira thupi lonse, maselowa ndi ochepa kwambiri. Mozambique inalengeza mu 2008 kuti khate latsika kufika pa mlingo woti silinalinso vuto lalikulu la dziko lonse, koma silinathe. Odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka, makamaka m'zigawo za kumpoto.

CD1 njofanana pafupifupi mwa anthu onse, pomwe MHC imasiyana munthu ndi munthu. Izi zapatsa akatswiri chiyembekezo cha katemera wa TB wopangidwa ndi mafuta a kachiromboko. Katemera woteroyo sanafike m'zipatala. Amene alipo ndi BCG, yemwe anayamba kuperekedwa mu 1921, ndipo mwana aliyense ayenera kumulandira akangobadwa.

Nanga mafuta a thupi lathu lomwe?

Apa ndi pamene nkhani yavuta. Pakhungu pathu pali maselo olondera otchedwa Langerhans, amene ali ndi CD1a yochuluka. Mu 2010 Annemieke de Jong ndi Branch Moody, ku Boston komweko, anapeza kuti m'magazi a anthu athanzi muli maselo a T ambiri amene amadzuka akakumana ndi CD1a popanda kachirombo kalikonse. Mu 2014 anaonetsa kuti chowadzutsa ndi mafuta amene khungu lathu limatulutsa, aja amachititsa nkhope kunyezimira kukatentha.

Mafuta amenewa alibe mutu. Tibwerere ku dengu lija: tiyerekeze kansomba kakang'ono kamene kamira konse m'dengu. Wogula akatambasula dzanja amakhudza mkombero wa dengu. Selo ya T nayo imakhudza CD1a yeniyeniyo, n'kudzuka. Pamene muli mafuta a mutu waukulu, monga ena a m'zikopa za maselo athu, mutuwo umatchinga, selo ya T imalephera kukhudza ndipo imadutsa mwakachetechete. Choncho mafuta ena a thupi amaitana asilikali, ena amawaletsa.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji tonse sitituluka ziwengo? Akatswiri akuona kuti yankho lagona pa malo. Mafuta a pakhungu amakhala pamwamba, olonda aja ali pansi pake, ndipo sakumana khungu likakhala labwino. Likang'ambika kapena kukandidwa, mafuta amalowa, asilikali amadzuka n'kutulutsa mankhwala ena othandiza khungu kudziteteza ndi kupola. Pamenepo ndi chitetezo chabwino. Vuto limabwera akadzuka mopitirira muyezo, khungu n'kutupa, kuyabwa kapena kufunduka mamba. Njira imeneyi yapezeka kuti imatengako mbali pa matenda a khungu otchedwa psoriasis ndi eczema. Matendawa sapatsirana, ndipo si ufiti.

Ofula njuchi amvetsere ichi. Mu 2015 gulu la Graham Ogg ku Oxford linapeza kuti mu ululu wa njuchi muli chinthu chimene chimadula mafuta a maselo athu, ndipo zidutswazo n'zimene CD1a imanyamula. Ndiye kuti msilikali akuona mafuta athu omwe, odulidwa ndi mlendo. Koma kutupa nkhope, lilime kapena kubanika patangopita mphindi zochepa munthu atalumidwa kumabwera m'njira ina, yachangu komanso yakupha. Woteroyo athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.

Zinthu zakunja zokhala ngati mafuta nazonso zimalowa mu CD1a. Kafukufuku wa 2016 anaonetsa izi pa utomoni wa chomera china cha ku America, cha banja limodzi ndi mango, ndipo wa 2020 anazionetsa pa zonunkhiritsa zina zopezeka m'mafuta odzola. Utomoni wa mango uli ndi zinthu zofanana ndi za chomera chija. Nyengo ya mango ikafika, ana ena amatuluka tizilonda kuzungulira pakamwa. Tsukani mango musanawapatse, dulani pa phesi pomwe patuluka utomoni, ndipo mwana amene zimamuchitika mumusendere. Mafuta odzola atsopano, makamaka ogulidwa pamsika opanda chizindikiro chomveka, yambani mwapaka pang'ono pamkono n'kudikira masiku 2 kapena 3, chifukwa ziwengo za maselo a T zimachedwa kuoneka.

Ziwengo kapena khate?

Ziwengo zimayabwa, zimatuluka pomwe chinthu chinakhudza, ndipo zimachepa mukachisiya. Chigamba cha khate chimakhala choyezuka kapena chofiirira, kawirikawiri sichiyabwa, ndipo sichimva kukhudza. Wazaumoyo amakuuzani kuti mutsinzine, n'kukhudza chigambacho ndi kathonje. Ngati simukumva, pafunika kuyeza bwino. Dzanzi m'manja kapena kumapazi, ndi kupsa ndi moto osamva kupweteka, ndi zizindikiro zinanso.

Khate limachira, ndipo mankhwala ake ndi aulere: miyezi 6 kwa wa zigamba zosapitirira 5, miyezi 12 kwa wa zigamba zambiri. Munthu akayamba kumwa amaleka kupatsira ena, choncho palibe chifukwa chomusala kapena kumumangira kanyumba kayekha. Koma mitsempha ikafa kale sibwerera mwakale, ndipo zala zopindika sizingawongoke ndi mapiritsi. Musapake mafuta oyeretsa khungu kapena mankhwala a zitsamba pa chigamba chotere n'kumadikira. Pitani ku chipatala chapafupi kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwanu, ndipo a m'nyumba mwanu nawonso akaonedwe khungu. Amene wakhosomola masabata 2 apite ndi makhololo kukayezetsa, ndipo ngati ali ndi HIV asadikire kuti masabatawo akwane.