Zimene gulu limadziwa: makalata a omvera

Wowulutsa: Mayi, kalata yoyamba yachokera kwa mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza m'boma la Mchinji. Akuti: "Msungichuma wathu, amene anayamba nalo gululi, wasamukira kwa ana ake m'tauni. Mabuku onse anatisiyira, ndalama zili bwinobwino. Koma iwo ndi amene ankadziwa wogula wolipira pa nthawi yake, ankadziwa venda wa sikelo yobera, ndipo mtedza wouma bwino ankauzindikira pongoukhutchumula m'manja. Panopa tangoti kakasi. Tinalakwitsa pati?"

Katswiri: Zikomo bambo mlembi. Mabuku amasunga ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, koma chimene chakusowani sichinalembedwepo. Chinali m'makutu ndi m'zala za mkuluyo.

Vutoli linagwerapo ngakhale kampani yaikulu ya Xerox ya ku America, yopanga makina a fotokope. M'zaka za m'ma 1980, wofufuza wina, Julian Orr, ankayenda ndi amisiri okonza makinawo. Kampani inawapatsa mabuku a malangizo okhuthala, koma makina akavuta mwachilendo, bukulo linkangokhala chete. Orr anaona kuti amisiriwo ankaphunzitsana pa kadzutsa ndi pa nkhomaliro: wina akufotokoza makina amene anamuzunza dzulo, wina akuti ine ndinakumana nawo, vuto lili pa kawaya kakuti. Bwana wongodutsa akanati anthuwa akutaya nthawi ndi macheza. Kenako Xerox inakonza nkhokwe ya pakompyuta yotchedwa Eureka, imene inayesedwa koyamba ku France m'zaka za m'ma 1990. Mmisiri ankalembamo njira imene watulukira, amisiri anzake odziwa n'kuiyesa kaye, ndipo ikavomerezedwa inkatuluka ndi dzina la mwiniwake. Dzinalo ndi limene linkakoka anthu. Munthu amafuna anzake a ntchito adziwe kuti nzeru iyi ndi ya uje.

Inu kompyuta simukuifuna. Mkuluyo ali moyo, foni ali nayo. Nyengo yogulitsa ikayandikira, atumizireni ndalama ya minibasi abwere. Musawakhazike pa mpando n'kumati tiuzeni zonse zimene mukudziwa. Adzakuuzani zochepa, osati chifukwa chobisa ayi, koma munthu sadziwa kuti akudziwa chiyani mpaka thumba la mtedza litaikidwa patsogolo pake. Pitani nawo kumsika ndi achinyamata awiri. Akakana sikelo, mnyamata afunse pomwepo kuti agogo, mwaonapo chiyani? Madzulo mlembe m'kope lapadera, losiyana ndi la ndalama, ndi dzina la amene wanena. Ndipo kuyambira pano, udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri woyenda nawo m'ntchito, osati wongotchulidwa pa tsiku la chisankho.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe. Apempha kuti tisatchule malo. Akuti: "Lolemba lililonse timakhala ndi msonkhano. Abwana amayamba ndi iwo kuyankhula, akamaliza amafunsa ngati pali wotsutsa. Tonse timangoti zili bwino bwana. Tikatuluka, m'khonde ndi mmene aliyense amanena zoona. Abwanawo amakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Kodi msonkhano wotere uli ndi phindu?"

Katswiri: Mwambiwo ndi woona, amayi, koma mitu khumi yogwedezera mutu umodzi ikadali mutu umodzi.

Mu 1906, wofufuza wina, Francis Galton, anapita ku chionetsero cha ziweto ku Plymouth, ku England. Kunali mpikisano wolosera kulemera kwa nyama ya ng'ombe ina ikaphedwa ndi kusendedwa. Iye anasonkhanitsa matikiti 787 a olosera. Nambala ya pakatikati inali mapaundi 1,207, pomwe nyamayo inalemera mapaundi 1,198. Anthu amakonda kuinena nkhaniyi potamanda gulu, n'kuiwala mbali yofunika: aliyense analemba yekha pa tikiti yake, osamva kaye zimene mwini ng'ombe kapena wolemera wa m'deralo akuganiza. Wina ankapitirira, wina ankaperewera, zolakwazo n'kumafafanizana. Mu ofesi mwanu zolakwa sizingafafanizane, chifukwa nonse mukulakwira mbali imodzi, mbali ya abwana.

Palinso kafukufuku wa Anita Woolley ndi anzake, amene anatuluka mu 2010 m'magazini ya Science. Anapereka ntchito zosiyanasiyana kwa timagulu ta anthu awiri mpaka asanu. Timagulu tochita bwino sitinali tokhala ndi munthu mmodzi wanzeru zoopsa. Tinali timene anthu ankalandirana mawu mofanana, ndiponso timene mamembala ankatha kuwerenga nkhope za anzawo. Timagulu tokhala ndi amayi ambiri tinkachitanso bwino. Abambo amene mukumvera, si ine ndanena.

Wowulutsa: Koma Mayi, kwathu kuno kutsutsa wamkulu pagulu ndi mwano. Mayiwa angataye ntchito.

Katswiri: N'chifukwa chake sindikuwauza kuti aimirire Lolemba n'kutsutsa. Ulemu usathe. Chosintha ndi ndondomeko. Apite kwa abwanawo paokha, kapena adzere kwa munthu amene abwana amamumvera, akapemphe zinthu ziwiri. Nkhani ikakhala yaikulu, aliyense alembe maganizo ake pa kapepala kopanda dzina asanayambe kukambirana. Ndipo abwana aziyankhula pomaliza. Zimenezi si zachilendo: pabwalo la milandu kumudzi, mfumu imamva kaye mbali zonse ndi nduna zake, kenako n'kugamula.

Ndipo omvera asaganize kuti zoona zonenedwa m'khonde zimangowononga ndalama. Mu January 2003, chombo cha m'mlengalenga cha bungwe la NASA chotchedwa Columbia chikunyamuka, chidutswa cha zokutira thanki ya mafuta chinathothoka n'kumenya phiko lamanzere. Mainjiniya ena anada nkhawa ndipo anapempha zithunzi zoonetsa bwino phikolo chombocho chili m'mlengalenga. Akuluakulu sanaone chifukwa. Pa 1 February chombocho chinasweka pobwerera, anthu onse 7 n'kumwalira. Bungwelo linali ndi anthu odziwa; mawu awo ndi amene sanakwere masitepe.

Wowulutsa: Nthawi yatithera, koma kafunso aka n'kakafupi. Wapampando wa banki m'khonde ku Zomba akufunsa ngati gulu lawo la WhatsApp likukwanira kusunga zimene amagwirizana.

Katswiri: Ayi, amayi. WhatsApp ndi yabwino poitanirana ndi pokumbutsana tsiku lobweza ngongole. Koma chigamulo cha chiwongoladzanja chimakwiririka pansi pa mauthenga a maliro ndi zithunzi za ukwati, ndipo foni ikabedwa kapena mamembala ena akakhala opanda bandulo, mkangano wayamba. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'kope, ziwerengedwe mokweza msonkhano usanathe, anthu awiri asaine. Mukatero mutha kujambula tsambalo n'kuliponya pa gulupo.

Wowulutsa: Kalata ya aphunzitsi a ku Mzimba yokhudza makomiti a sukulu tiiwerenga sabata yamawa.