Kusintha Aneni a Modal Pofotokoza Zimene Wina Ananena m'Chingerezi

M'Chingerezi, mawu a munthu akamafotokozedwa ndi mneni wa nthawi yakale monga said kapena told, ena mwa aneni othandizira otchedwa modal verbs amabwerera m'mbuyo. Will amasanduka would, can amasanduka could, may amasanduka might. Shall amakhala would akamanena zam'tsogolo, koma amakhala should ngati munthu amafunsa chochita: "Shall I close the door?" amasanduka "She asked if she should close the door."

Would, could, should, might ndi ought to sasintha. Vuto ndi la ophunzira amene anamva kuti chilichonse chisunthe, ndiye amaphatikizapo have. Namwino akanena kuti "You should rest", wina nkulemba "The nurse said I should have rested", langizo lasanduka chidzudzulo chakuti wodwalayo sanapume. Have asaikidwe pamene mwini mawu sanamutchule.

Pogwera anthu ambiri ndi pa must. Matebulo oloweza pamtima amangoti must ndi had to, basi, ndipo ophunzira amapita nazo choncho ku mayeso a JCE ndi MSCE. Tebulo lotere limaphunzitsa theka la nkhani. Must ali ndi ntchito ziwiri, ndipo cholembera chisanayende, wophunzira adzifunse kuti: apa munthu akukakamizidwa, kapena woyankhulayo akungoganizira potengera zimene waona?

Ngati ndi kukakamizidwa, had to ndi wolondola: "I must pay the fees" amakhala "He said he had to pay the fees." Ngati ndi kuganizira, must akhale momwemo. Munthu akaona njinga pakhomo nati "The teacher must be at home", palibe wakakamiza mphunzitsiyo kukhala pakhomo. Choncho yankho ndi "He said the teacher must be at home." Kulemba had to pamenepa kumamveka ngati mphunzitsiyo analamulidwa. Funso lija lifunsidwe pa chiganizo chilichonse chokhala ndi must, osatopa nalo.

Mustn't ndiye woopsa kwambiri. Iye amaletsa, pomwe didn't have to amatanthauza kuti panalibe chokakamiza. "You mustn't drive" akasanduka "She said I didn't have to drive", chiletso chafafanizika, ndipo munthu woletsedwa wauzidwa kuti asankhe yekha. Mustn't asiyidwe momwe alili, kapena alembedwe kuti wasn't to. Didn't have to ndi wa needn't, osati wa mustn't. Pa mayeso cholakwa chotere chimadya mwina malikisi amodzi kapena awiri, koma m'lipoti la kuntchito chimanamizira munthu zimene sananene.

Mneni wofotokozera akakhala wa nthawi yatsopano, monga says, palibe modal amene amasintha: "She says she can come."