Ayodini: Woteteza Ana Asanabadwe

Mbuzi ikabereka mwana wakufa, kapena wofooka, wopanda ubweya ndi wotupa pakhosi, alimi ambiri timafulumira kuganiza za matenda. Nthawi zina gwero lake ndi kusowa kwa ayodini m'thupi la make pamene linali ndi bere.

Ayodini ndi umodzi mwa michere ya m'nthaka imene thupi limafuna pang'ono kwambiri. Kachiwalo kena ka pakhosi kamamugwiritsa ntchito popanga timadzi toyendetsa kakulidwe ka thupi ndi ubongo. Akasowa, kachiwaloka kamatupa, ndipo ndi chimene timati chithokomiro. Ayodini wambiri ali m'nyanja zamchere. Ife a m'Zambia tili kutali nazo, ndipo mvula imakokolola wochepa amene ali m'nthaka yathu. Motero udzu ndi mbewu zathu sizikhala naye wokwanira.

Zimene zimaoneka m'khola zimachitikanso m'nyumba. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 patsiku, koma mayi woyembekezera 250. Mayi akasowa ayodini akhoza kupita padera, kapena kubereka mwana amene ubongo wake sunakule bwino. Chithokomiro chimachiritsika, koma ubongo ukawonongeka mwana ali m'mimba subwereranso. N'chifukwa chake tiyenera kuchitapo kanthu mimba isanayambe.

Pakhomo, tigule mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini. Tiusunge m'botolo lotseka, pouma, kutali ndi dzuwa ndi moto, pakuti ayodini amauluka. Tithire m'ndiwo zikatsala pang'ono kupsa. Sipafunika kuchulukitsa: magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasipuni kamodzi ka tiyi, ndiwo malire a munthu wamkulu. Chinangwa chowawa tichiviike mokwanira, chifukwa ululu wake umalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito ayodini.

Kukhola, tiike mchere wonyambita wokhala ndi ayodini pamalo osafika mvula, makamaka wa mbuzi ndi ng'ombe za bere. Masamba a lukina ndi chakudya chabwino, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, popeza akachuluka amatupitsanso pakhosi.

Tikumbukirenso kuti ayodini wa m'botolo wopaka pa mchombo wa mwana wa mbuzi ndi mankhwala a pakhungu chabe. Sitimwa, ndiponso sitimwetsa chiweto. Tikaona khosi lotupa, munthu apite kuchipatala, ndipo chiweto tichionetse kwa alangizi a ziweto.