Chipewa cha Njinga Yamoto: Tingasankhe Bwanji Chabwino Ndalama Zili Zochepa?

Anzanga, ambiri a ife timakwera kabaza. Ena timakwera tikachedwa kusukulu, ena popita kuchipatala kapena tsiku la msika. Enanso kwathu kuli achimwene kapena amalume amene amadyetsa banja lonse ndi njinga yamoto, mwinanso fizi yathu imachokera pomwepo. Lamulo la pamsewu limati woyendetsa ndi wokwera yemwe avale chipewa, chija timati helemeti. Koma zipewa si zofanana. Zina n'zoteteza mutu, zina n'zongothawira apolisi basi. Ndalemba izi kuti tidziwe kusiyanitsa, ndipo tikawauze akunyumba asanataye ndalama.

CHIFUKWA CHIYANI CHOTSEKA NKHOPE YONSE?

Zipewa zomwe timaziona pamsewu zili m'magulu atatu. Pali kaja kongokhala pamwamba pa mutu ngati mbale. Pali chotseka mutu ndi makutu koma nkhope ili pamtunda. Ndiye pali chotseka zonse mpaka chibwano, chimene ogulitsa amachitchula kuti full-face.

Munthu akagwa panjinga nthawi zambiri amagwa chakutsogolo. Kafukufuku amene anachitika ku Germany anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo omwe chipewa chimamenyetseka pangozi ndi cha kuchibwano ndi nsagwada. Ndiye taganizani, chipewa chopanda chotchinga chibwano chimasiya poyera malo omwe amafika pansi kawirikawiri. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ananena mu 2018 kuti kuvala bwino chipewa choyenera kumachepetsa imfa pangozi ndi 42 peresenti, ndipo kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Kwa ife akumudzi nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa wovulala kwambiri m'mutu sathandizika pachipatala chaching'ono. Amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, ndipo mtunda wake mukuudziwa.

CHIPEWA CHIMAGWIRA BWANJI NTCHITO?

Ubongo ndi wofewa ndipo umakhala m'timadzi mkati mwa chigaza. Mutu ukaima mwadzidzidzi pomenya pansi, ubongo umapitirirabe n'kukadzimenyetsa kuchigaza. Ntchito ya chipewa ndi kuchititsa kuti mutu usaime mwadzidzidzi choncho. Chili ndi zigawo zinayi zofunika.

Choyamba ndi chikhokho cholimba chakunja. Ichi chimamwaza mphamvu ya kumenyako pamalo aakulu, ndipo chimaletsa mwala kapena chitsulo kuboola.

Chachiwiri ndi chinthu choyera chopepuka chamkati, chofanana ndi chija amatetezera wailesi kapena sola mukatoni, koma chothinana kwambiri. Dzina lake ndi EPS. Ichi ndiye mwini nkhani. Pangozi chimaphwanyika pang'onopang'ono m'malo mwa mutu wanu. Tayesani kugwetsa dzira pasimenti, lina m'dengu la gaga, muona kusiyana kwake.

Chachitatu ndi siponji ndi nsalu zofewa zokhudza khungu. Izi n'zongothandiza kuti chipewa chikhale bwino m'mutu, sizipulumutsa munthu.

Chachinayi ndi lamba wa pansi pa chibwano. Lamba akapanda kumangidwa, chipewa chimauluka munthu asanafike pansi.

Apa mwaona kale kuti chipewa cha omanga nyumba, chimene akabaza ena amavala, si cha panjinga. Chija anachipangira kuteteza njerwa yogwa kuchokera pamwamba, ndipo chilibe chotchinga nkhope ngakhale pang'ono.

ZOYANG'ANA MUSANALIPIRE

1. Funani chizindikiro. Zipewa zoyesedwa motsatira muyezo wa ECE zimakhala ndi kansalu kosokedwa palamba. Pakansaluko pamakhala chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo. Nambalayo ndi ya dziko lomwe linavomereza, monga E1 ya Germany kapena E3 ya Italy. Pansi pake pali nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06, kutanthauza ECE 22.05 kapena 22.06, yomwe ndi yatsopano. Muonenso chilembo P. Chimenechi chimasonyeza kuti chotchinga chibwano chinayesedwa. NP amatanthauza kuti chotchingacho sichiteteza, n'chokongoletsa chabe. Zipewa zina zimakhala ndi mawu akuti DOT kumbuyo, umene ndi muyezo wa ku America. Koma samalani, sitika ndi yosavuta kumata, choncho musadalire iyo yokha.

2. Pisani dzanja mkati. Kwezani nsalu pang'ono mpaka muone choyera chija. Chikhale chochindikala masentimita awiri ndi theka kapena kuposa, ndipo mukachidina ndi chala chisalowe. Mukapeza siponji yokhayokha ngati ya matiresi, chisiyeni.

3. Chinyamuleni. Chipewa chenicheni chotseka nkhope yonse chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Yerekezani ndi paketi ya shuga ya 1 kg. Ngati chipewa chikupepuka kwambiri kuposa shugayo, pali chimene chikusowa mkatimo.

4. Finyani mbali zonse ziwiri ndi manja, kenako kankhani chotchinga chibwano. Chikamapindika ngati beseni, ndiye kuti pamsewu chikasweka ngati beseni.

5. Kokani lamba mwamphamvu. Akhale wokhuthala komanso wokhomeredwa kuchikhokho ndi timisomali tachitsulo, osati womatidwa ndi guluu. Chomangira chake chikhale mphete ziwiri zachitsulo kapena chija cha mano chimene chimalira kuti "kete" chikagwira.

6. Yang'anani kudzera pagalasi. Likhale loyera, lopanda zokalika, ndipo mtengo wowongoka usaoneke wokhota. Galasi lakuda limaoneka chitsotsi, eya, koma madzulo limabisa mbuzi, ngolo ndi ana a sukulu. Funsaninso ngati magalasi osinthira amapezeka, poti fumbi la kwathu kuno limatha galasi msanga. Safunsa anadya phula.

SAIZI YAKE

Chipewa chabwino chikakhala chachikulu chimasanduka chachabe. Bwerekani tepi kwa telala, muyeze kuzungulira mutu masentimita awiri pamwamba pa nsidze. Kawirikawiri 55 mpaka 56 cm ndi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, ndipo 61 mpaka 62 ndi XL. Ngakhale mwayeza, valani ndithu, chifukwa mitu imasiyana kaumbidwe.

Mukavala, masaya afinyike pang'ono koma pamphumi pasapweteke. Pukusani mutu uku ndi uku. Chipewa chiziyenda limodzi ndi mutu, osati kutsalira. Mangani lamba mpaka pangolowa zala ziwiri pakati pa lamba ndi khosi. Kenako mnzanu agwire kunkhongo n'kukankhira chipewa kutsogolo. Chikavuka, saizi imeneyo si yanu. Khalani nacho m'mutu kwa kanthawi, musachite manyazi ndi wogulitsa. Kumbukiraninso kuti siponji imaphwa mukamavala, ndiye chothina pang'ono lero n'chabwino kuposa chokhwepa.

NANGA NDALAMA?

Kudula sindiko kulimba. Zipewa zodula kwambiri nthawi zambiri mumalipirira dzina, kupepuka ndi zojambula. Chipewa chotsika mtengo chapulasitiki wolimba, ngati chinakhoza mayeso a ECE, ndiye kuti chinadutsa muyezo womwewo umene chodula chinadutsa. Choncho sankhani cha mtundu umodzi chopanda maluwamaluwa. Choyera kapena chachikasu chili bwino chifukwa oyendetsa galimoto amachiona patali, komanso sichitentha ngati chakuda mu Okutobala. Chija chotsegula chibwano m'mwamba chimadula ndipo chili ndi tizitsulo tambiri totha kuwonongeka. Yendani mashopu awiri kapena atatu musanagule, ndipo nenererani mtengo.

Za pakaunjika ndi zogula kwa munthu, ine ndinganene kuti ayi. Choyera chamkati chija chimagwira ntchito kamodzi kokha. Chikaphwanyika sichibwereranso, pamene kunja kumatha kuoneka kowala bwinobwino. Inu simungadziwe ngati mwini wake woyamba anagwa nacho. Pachifukwa chomwecho, chipewa chimene chamenyetseka pangozi chiyenera kutayidwa, ndipo opanga ambiri amalangiza kusintha pakatha zaka zisanu.

Mwina wina akuti, "Aise, ndalama yake ichokera kuti?" Tiyeni tiwerenge ngati mu Masamu. Wakabaza akamapatula K1,000 tsiku lililonse, pamasiku 30 ali ndi K30,000, pamasiku 60 ali ndi K60,000. Akabaza a pasiteji imodzi angathenso kuchita chipereganyu, sabata ino kugulira uyu, sabata yamawa uyo. Tsopano ikani mbali inayi zimene banja limataya munthu akagonekedwa mwezi wathunthu: thiransipoti, chakudya cha womudikirira, njinga itangoima, munda osalimidwa, fizi osalipidwa. Chotsika mtengo n'chiti pamenepa?

KASAMALIDWE

Tsukani ndi madzi ndi sopo wamba. Petulo, parafini ndi penti zimafooketsa pulasitiki. Musachikoleke pagalasi loonera kumbuyo chifukwa limaboola choyera chamkati, ndipo musachisiye padzuwa tsiku lonse kapena kuchisandutsa mpando.

KWA IFE OKWERA

Ndikudziwa chimene ambiri timakanira chipewa cha kabaza: thukuta la anthu ena, nsabwe ndi chipere. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma mankhwala ake ndi osavuta. Sungani kampango kopyapyala m'chikwama, muziyamba mwafunda iko kenako chipewa pamwamba. Chipere chimapola ndi mankhwala, ubongo ukavulala suchira chimodzimodzi. Pasiteji pakakhala njinga zingapo, sankhani ya amene ali ndi chipewa chachiwiri, ndipo nenani mwaulemu kuti, "Achimwene, ndibwerekeniko chipewacho." Tikamachita choncho tonse, enawo aona okha kuti makasitomala akuwathawa ndipo agula.

Pomaliza, nayi ntchito ya kunyumba yopanda malikisi. Sabata ino pemphani chipewa cha wachibale kapena wakabaza amene mumadziwana naye. Muone ngati chili ndi kansalu ka E palamba, mupise dzanja mkati, muchiyerekeze ndi paketi ya shuga, ndipo mukoke lamba. Zimene mupeze mulembe pakapepala n'kupereka kwa a kalabu yolemba, tidzazimata pompano Lachisanu likudzali.

Wolemba: Wophunzira wa Fomu 2