Nkhadze ilibe masamba, nanga chakudya imapanga bwanji?

Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, udzu wa ku Chinsapo, Mgona ndi Area 23 umakhala utauma gwa, koma mipanda ya nkhadze imangokhala biriwiri ngati wina akuithirira. Mukaiyang'anitsitsa simuona masamba, ndi tinthambi tokhatokha tonga mapensulo. Komatu m'kalasi timaphunzira kuti photosynthesis imachitikira m'masamba. Ndiye nkhadzeyi ikukhala bwanji ndi moyo? Ndikufuna tiliunike bwino funsoli, chifukwa yankho lake ndi lomwenso limapulumutsa zomera za m'chipululu.

Tiyambe ndi vuto lenileni. Kuti chomera chipange shuga chimafunika kuwala, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Mpweyawu umalowera pa timabowo totchedwa stomata. Koma timabowoti tikatseguka, madzi nawonso amathawira pomwepo ngati nthunzi, ndipo iyi ndiyo transpiration. Zomera zambiri zimataya motere madzi opitirira 90 pa 100 alionse amene mizu yakoka. Chomera chikatsegula stomata masana chimadya koma chimauma, chikatseka chimasunga madzi koma chimagona ndi njala. Lilongwe si chipululu ayi, koma kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula sitiiona kwenikweni, choncho vutoli lilipo ndithu.

Nkhadze, imene dzina lake la sayansi ndi Euphorbia tirucalli, ili ndi njira zitatu zolithetsera.

Yoyamba, ntchito ya masamba inaisamutsira ku nthambi. Masamba imakhala nawo, koma ndi ting'onoting'ono, timamera kunsonga ndipo sitichedwa kuthothoka. Chlorophyll ali m'khungu la nthambi, n'chifukwa chake ndi zobiriwira. Kanthambi kobulungira kali ndi malo ochepa otayira madzi poyerekeza ndi tsamba lophwathalala ngati la papaya.

Yachiwiri, m'kati mwa nthambi muli minofu yosunga madzi, ndipo kunja kuli kakhungu kokhala ngati phula koletsa madziwo kutuluka.

Yachitatu ndi imene ine imandisangalatsa kwambiri. Nthambizi zimatsegula stomata usiku, kunja kukuzizira, pamene madzi sathawa msanga. Carbon dioxide akalowa amasandutsidwa malic acid n'kusungidwa mu vacuole. Kukacha stomata amatsekeka, asidi uja amaphwanyidwa, mpweya uja umamasuka m'kati momwemo, ndipo chomera chimapanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa. Zili ngati mayi wa ku Area 25 amene amatunga madzi usiku mpopi ukamatulutsa, n'kudzaphikira masana utauma. Njirayi imatchedwa Crassulacean Acid Metabolism, mwachidule CAM. Chinanazi, khonje ndi ma cactus amachitanso chimodzimodzi.

Chenjerani apa, chifukwa ambiri amasokoneza: photosynthesis sichitika mumdima. Usiku chomera chimangotolera mpweya basi, shuga amapangidwa masana.

Nanga bwanji chimanga sichichita zomwezi? N'chifukwa choti vacuole ili ngati chigubu, ikadzaza yadzaza. Mpweya wotoleredwa usiku umodzi ndi wochepa, choncho zomera zambiri za CAM zimakula pang'onopang'ono. Chimanga chimatsegula stomata masana n'kukhwima m'miyezi yochepa, koma ng'amba ikachitika masamba ake amapotana n'kufota. Nkhadze imadyera kuwiri: timasamba take tija, tikakhalapo, timatenga mpweya masana, pamene nthambi zimagwira ntchito yausiku ija.

Dziwaninso kuti nkhadze si cactus. Ma cactus kwawo ndi ku America, ndipo minga yawo ndi masamba amene anasintha maonekedwe. Mabanjawa ndi osiyana, koma anafanana chifukwa cholimbana ndi vuto limodzi.

Mutha kuyesa nokha. M'mawa mangani jumbo yoonekera m'kati pa nthambi ya mango ya masamba, ina pa nthambi ya nkhadze yotalika mofanana, osathyola kanthu. Masana yerekezani madontho amene asonkhana m'majumbomo, kenaka dzifunseni: kusiyanaku kwabwera chifukwa cha stomata okha, kapenanso kukula kwa masamba? Funso lachiwirili ndilo limasiyanitsa woloweza ndi womvetsa.

Chonde, musathyole nkhadze, musailawe. Utomoni wake woyera ngati mkaka umawotcha khungu, ndipo ukalowa m'diso umapweteka koopsa mpaka munthu atha kulephera kuona kwa masiku angapo. Zikachitika, osatikita: tsukani diso ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka thamangirani kuchipatala. Auzeninso azing'ono anu amene amasewera m'mipanda.

Pa mayeso a MSCE mukafunsidwa za zomera za malo ouma, musangolemba kuti "masamba ang'onoang'ono" n'kusiyira pomwepo. Tchulani chimene chomera chili nacho, kenaka fotokozani mmene chimachepetsera kutaya madzi kapena kuwasunga. Popanda kufotokozako, yankho lanu ndi latheka chabe.